Pempho: Tithandizeni Kuti Chipinda Choyezera Matenda Chiyambenso Ntchito

Kwa onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya zaumoyo, pamodzi ndi mafumu athu, tabwera pamaso panu modzichepetsa kudzapempha zida ndi utoto woyezera mabakiteriya pa chipatala chathu chaching'ono. Chipinda chilipo, madzi afika, ndipo katswiri wa mu labotale amene anaphunzira ntchitoyi alipo. Koma maikulosikopu yathu yamera chuku m'magalasi ake, moti munthu akasuzumiramo amangoona chimbuuzi. Utoto wina unaumira m'mabotolo, wina unapitirira masiku ake.

Tikufuna mudziwe bwino chimene mukuthandiza, chifukwa ambiri akamva zoyeza amangoganiza za malungo.

Mabakiteriya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo ngakhale pa maikulosikopu savuta kuwadumpha ngati sanapakidwe utoto. Njira imene timaidalira kwambiri inatulukiridwa mu 1884 ndi dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, pamene ankagwira ntchito ku Berlin, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Woyeza amatenga kadontho ka mafinya, makhololo, mkodzo kapena madzi a mumsana, n'kukapaka mopyapyala pa kagalasi. Kakauma, amakadutsitsa pang'ono pa lawi kuti zopakazo zimamatire. Kenako amathirapo utoto wa pepo wa crystal violet, kenako ayodini, n'kutsuka mwachangu ndi mowa wa mu labotale, pomaliza amathirapo utoto wofiira wa safranin. Pakutsukapo ndi pamene pamafunika dzanja lozolowera: akachedwa masekondi ochepa okha, utoto woyamba umachoka wonse ndipo zotsatira zimanama.

Mabakiteriya okhala ndi khungu lochindikala amasunga utoto woyamba uja, choncho amaoneka a pepo. A khungu lopyapyala amautaya n'kutenga wachiwiri, amaoneka a pinki. Woyeza amaonanso maonekedwe awo, ngati ali obulungira kapena onga timitengo, ngati ali awiriawiri, mu mzere kapena mounjikana. Zonsezi zimatha m'mphindi zochepa, pamene kulera tizilombo mu labotale kuti timere kumatenga tsiku limodzi kapena awiri, nthawi zina kupitirira apo.

Mphindi zimenezi n'zimene zikutiwawa mtima. Mwana akabwera thupi litatentha kwambiri, khosi litauma, akukomoka, adokotala samudikiritsa, amayamba mankhwala nthawi yomweyo, ndipo m'pake kutero. Koma matenda oumitsa khosi amabwera ndi tizilombo tosiyanasiyana. Tizilombo ta pepo tokhala tiwiritiwiri m'madzi a mumsana kawirikawiri timakhala Streptococcus pneumoniae, pamene ta pinki tiwiritiwiri timaloza kwa Neisseria meningitidis, kamene kamatha kufalikira kwa a pabanja ndi anzake a kusukulu. Kudziwa msanga kumathandiza kusankha mankhwala oyenera ndi kuteteza amene anakhala pafupi ndi wodwalayo. Popanda kuyeza, adokotala amagwira ntchito ngati munthu wofufuza singano mumdima. Ndipo kupereka mankhwala mongoganizira kumathandizira kuti tizilombo tizolowere mankhwala, vuto limene likukula padziko lonse.

Palinso chifuwa chachikulu (TB). Kachilombo kake, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, kali ndi khungu la phula losalola utoto wa Gram kulowa bwino. Pamafunika njira ina, ya Ziehl-Neelsen. Woyeza amathira utoto wofiira wa carbol fuchsin pa makhololo opakidwa pa galasi n'kutenthetsa mpaka nthunzi iyambe kutuluka, amatsuka ndi asidi, n'kumaliza ndi utoto wa buluu wa methylene blue. Tizilombo ta TB timaoneka ngati timitengo tofiira pakati pa buluu. Ena atifunsa kuti, kodi makina oyezera TB a GeneXpert, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010, sanalowe m'malo mwa zonsezi? Makinawo ndi abwino zedi pozindikira matenda poyamba. Komabe wodwala akayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, makhololo ake amayezedwanso pa maikulosikopu, kuyambira kumapeto kwa mwezi wachiwiri, kuti zidziwike ngati mankhwala akugwira. Odwala athu panopa amayenda mtunda wautali chifukwa cha zimenezi, ndipo ena amangosiya osapitako.

Sitikunena kuti utoto umaona zonse. Tizilombo tikakhala tochepa, galasi limatha kuoneka loyera pamene munthu akudwaladi, ndipo mavairasi saoneka konse mwa njirayi. Odwala kwambiri tidzapitiriza kuwatumiza ku chipatala chachikulu.

Chofunika kwambiri ndi maikulosikopu ya maso awiri yotha kukuza zinthu ka 1,000, yokhala ndi nyali ya LED, pamodzi ndi sola ndi batire chifukwa magetsi amathimathima. Tikupemphanso utoto wonse wa Gram ndi wa Ziehl-Neelsen, mafuta othira pa galasi poyang'ana, timagalasi topakapo, timabotolo ta makhololo tokhala ndi zivundikiro zothina, magolovesi, ndi bokosi louma losungiramo maikulosikopu kuti chuku chisabwerenso. Anthu a m'mudzi avomera kale kuumba njerwa ndi kututa mchenga kuti tikuze mawindo a chipindacho, poti poyeza makhololo pamafunika mpweya wodutsa bwino.

Chonde, amene mungatipatse utoto, onetsetsani kuti masiku ake akadali ambiri, chifukwa utoto wotha mphamvu umapereka zotsatira zolakwika ndipo wodwala angamwe mankhwala osayenera. Thandizo lililonse lidzalandiridwa pamaso pa mkulu wa chipatala ndi a komiti, lidzalembedwa m'kaundula, ndipo aliyense wopereka ali ndi ufulu wobwera kudzaona momwe zida zikugwirira ntchito.

Zikomo kwambiri.

Ndife anu,
Komiti ya Zaumoyo ya M'mudzi