Kwa makasitomala athu: tikusintha feed ya mapeni a nibu yofewa

Okondedwa makasitomala athu,

Takulemberani kuti mumve kwa ife eni ake, kusiyana n'kudzadabwa pa kauntala mutapeza mtengo wasintha kapena peni yanu isanakonzeke. Kuyambira mwezi wamawa, mapeni onse a inki okhala ndi nibu yofewa, ija imatambasuka mukaikanikiza, komanso a nibu yonenepa, tiziwaika feed ya ebonite (labala wouma) m'malo mwa ya pulasitiki. Mapeni a katiriji (kachubu kobwera ndi inki kale), aja ambiri mumagulira ana a sukulu kapena mumayenda nawo m'thumba la malaya, atsala ndi feed ya pulasitiki monga kale.

Feed ndi kachidutswa kakuda kaja kamagona kunsi kwa nibu. Maso a wogula amathera pa nibu yonyezimira, koma peni imalemba bwino kapena kuvuta chifukwa cha kameneka. Mukachotsa nibu mudzaona kangalande kotsika m'litali mwa feed, ndipo pansi pa kangalandeko pali timing'alu tating'ono kwambiri. Inki imayenda m'timing'aluto monga palafini amayendera m'chingwe cha koloboyi, pamene mpweya ukulowa chobwerera kukatenga malo a inki imene yatuluka. Mpweya ukakanika kulowa, peni imauma chiganizo chili pakati. Ukalowa wochuluka, mumaona dontho la inki lagwa papepala. Nzeru ya timing'aluti ndi imene inatchukitsa Lewis Waterman wa ku New York, amene anailembetsa kuboma kuti ndi yake m'chaka cha 1884, ndipo mapeni ake anali a ebonite.

Ebonite ndi labala wouma gwa. Amatenga utomoni wa mitengo ya labala, yonga ija ili ku Vizara ku Nkhata Bay, n'kuusakaniza ndi sulufule wambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako n'kuuphika kwa maola ambiri mpaka ude ndi kulimba. Nelson Goodyear analembetsa njira imeneyi ku America m'chaka cha 1851. Ikapsa motero, ebonite siisungunukanso kuti ithiridwe m'chikombole. Imabwera ngati ndodo, ndipo feed iliyonse amachita kuisema payokha ndi makina. Pulasitiki amangoisungunula n'kuipopera m'chikombole, ndipo zimatuluka zikwizikwi zofanana ndendende. Mafakitale opanga ndodo za ebonite nawonso atsala ochepa: Nikko Ebonite ya ku Tokyo, ena ku Germany ndi ku India. Kukwera kwa mtengo kukuchokera pamenepa.

Chimene chatikakamiza kusintha ndi madandaulo anu, makamaka inu amene mumalemba mayina pa masatifiketi ndi pa makhadi a ukwati. Mukatsitsa mzere wa chilembo mutakanikiza, mano awiri a nibu amatalikirana, ndipo inki imayenera kudzaza mpata wonsewo nthawi imodzi. Feed ya pulasitiki imene imabwera ndi manibu amenewa inapangidwira kulemba wamba. Zilembo ziwiri zitatu zoyamba zimatuluka bwinobwino, koma chachinayi mumangoona timizere tiwiri towonda, pakati pali poyera. Khadi lawonongeka, ndipo dzina la mkwatibwi simungalibwereze pamwamba anthu osaona. Takhala tikuwalandira makhadi otere pashopu pano, eni ake akuganiza kuti vuto ndi dzanja lawo kapena inki. Nthawi zambiri silikhala dzanja. Ndi feed imene ikulephera kuthamangitsa inki molingana ndi mmene nibu ikufunira.

Ebonite imagwirizana ndi inki. Dontho likagwa pa iyo limayala m'malo moima ngati kambulu, ndipo posema paja pamatsala tokhakhala tosaoneka ndi maso tomwe timathandiza inki kukwawa. Ngalande yake imakhalanso yotakasuka. Tikaona kuti ikuperewerabe, timatha kuikuza pang'ono ndi lezala. Ntchito imeneyi tisiyireni ife, chifukwa chimene mwasema sichibwerera.

Ubwino wina, umene ife okonza mapeni timaukonda koposa, ndi woti ebonite imamvera kutentha. Nibu ndi feed ziyenera kugonerana popanda mpata. Timayesa ndi kapepala: kakalowa pakati pa ziwirizi mosavuta, ndiye kuti inki izidukiza. Zikatero timaviika nibu ndi feed m'madzi ongophulidwa kumene kwa theka la mphindi, kenako timazipana ndi zala titakulunga kansalu mpaka zitazizira. Feed imatenga maonekedwe a nibuyo n'kukhala choncho. Ndi pulasitiki zimenezi n'zongoyesa mwayi, kawirikawiri imabwerera mwakale kapena kupindika kumene simumafuna. Amisiri a ku India anasunga luso losema ebonite mpaka lero, kuyambira masiku a K. V. Ratnam amene anayamba kupanga mapeni ku Rajahmundry mu 1932, ndipo kampani ya Aurora ya ku Turin ku Italy imaikabe feed ya ebonite m'mapeni ake odula.

Tsono wina angafunse kuti bwanji osangoika ebonite m'mapeni onse. Pa intaneti mupeza anthu akunyoza feed ya pulasitiki kuti ndi yotchipa chabe, ife sitivomereza zimenezo. Tembenuzani peni yanu ya katiriji muone tizipsepse tambirimbiri topyapyala tandandalikana kunsi kwake. Sitinaikidwe kuti tikongoletse. Mpweya wa m'mimba mwa peni ukatenthedwa umafufuma n'kukankha inki, ndipo tizipsepseto timaigwira inkiyo isanafike papepala kapena pamalaya. Peni ya Parker 51, imene inatuluka mu 1941, inatchuka ndi nzeru imeneyi. Peni ya Lamy Safari ya mu 1980 ili ndi feed ya pulasitiki, chimodzimodzinso manibu a JoWo ndi a Bock a ku Germany, ndipo amalemba mokhulupirika chaka ndi chaka. Chikombole chimatulutsa tizipsepse topyapyala kuposa timene makina angaseme pa ebonite, choncho feed zambiri za ebonite zili ndi tochepa, tonenepa.

Kwathu kuno zimenezi si nkhani yaing'ono. M'mwezi wa Okutobala, peni imene yakhala m'thumba mu minibasi kapena pa desiki loombedwa ndi dzuwa imatentha ndithu, osanenanso za inu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Mapeni aja amathiridwa inki m'mimba mwenimweni, opanda katiriji, ndiwo amavuta kwambiri. Inki ikatsika kupitirira theka, mpweya umachuluka, ndipo kutentha kwa dzanja lanu lokha kumakwanira kugwetsa dontho. Ngati mwatenga peni yotere ya feed ya ebonite, muziidzaza isanatsike kwambiri, ndipo musanayambe kulemba muziifumbata kaye pang'ono nibu itayang'ana kumwamba, kuti mpweya wofufumawo utuluke wokha.

Pepala nalo lili ndi mbali yake. Feed ya ebonite imatulutsa inki yambiri, ndipo m'makope wamba a kusukulu inkiyo imalowerera mpaka kuseri kwa tsamba, imachedwanso kuuma. Amene amalembera kumanzere amaipaka ndi dzanja. Mwana amene akulemba manotsi mothamanga safunika zimenezo, n'chifukwa chake mapeni a sukulu sitiwakhudza.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Muzitsuka ndi madzi ozizira okha, chifukwa otentha angamasule zimene tinapana zija. Musaiviike m'madzi masiku ambiri, musathire jiki, ndipo musaisiye padzuwa: ebonite ikapsa ndi dzuwa imasuluka n'kusanduka yofiirira. Mukamva kafungo ka sulufule peni ikatenthedwa m'manja, musade nkhawa, ndi mmene ebonite imanunkhira.

Popeza feed za ebonite sizituluka zofanana, sitingakupatseni peni yongochotsa m'bokosi. Iliyonse tiziyamba taitsuka kuchotsa mafuta a makina, kuipana ndi nibu yake, kuithira inki, kuigoneka usiku umodzi, n'kuilembetsa m'mawa kuti tione ngati ikuyamba yokha osaigwedeza. Choncho mukaitanitsa lero, muziyembekezera kuitenga mawa kapena mkuja. Mtengo ukwera pang'ono pa mapeni okhawa, ndipo mitengo yatsopano tiimata pashopu mwezi uno usanathe.

Inu amene munagula kale kwa ife peni ya nibu yofewa, bweretsani. Mudzalipira feed yokha, ntchito yoika ndi yaulere. Tinene poyera kuti si peni iliyonse imene ingalandire: ena ali ndi feed yopangidwira peni yomweyo, yokhala ndi kamlomo kolowa m'katiriji, ndipo ya ebonite singakwanemo. Tikaiona tidzakuuzani pompo. Ngati peni yanu ikulemba mokusangalatsani ndi feed ya pulasitiki, isiyeni momwemo, ndipo ngati mukugula yatsopano koma mukufuna pulasitiki, nenani poitanitsa, tidzakuikirani.

Pobwera mutenge pepala limene mumalembapo masiku onse ndi botolo la inki yanu, kuti tiyesere pa zimenezo, chifukwa peni yoyenda bwino papepala lathu itha kulowerera pa lanu. Amene muli kutali, yambani mwatitumizira pa WhatsApp chithunzi cha nibu ndi kunsi kwake musanatumize peniyo, kuti musawononge ndalama ya mayendedwe pa peni imene singasinthike.

Zikomo kwambiri chifukwa chopitiriza kutikhulupirira ndi mapeni anu.

Ndife anu,
Eni shopu ndi amisiri onse