Ophunzira zamalamulo adziwenso mapangano a SADC

Akonzi,

Ndikupempha kuti masukulu a ukachenjede kuno ku Tete aziphunzitsa mozama mmene mapangano a SADC, bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa, amagwirira ntchito pamodzi ndi malamulo a dziko lathu la Mozambique. Mayi amene amaoloka ndi matumba a mbatatesi kuchokera ku Angónia kudzera pa chipata cha Calomue kupita ku Dedza amakhudzidwa ndi pangano la malonda la SADC la 1996, koma pakabuka nkhani ya msonkho n'kovuta kuti apeze loya wolidziwa bwino.

Ndime 18 ya malamulo aakulu a Mozambique imanena kuti pangano la mayiko likavomerezedwa ndi kusindikizidwa, limakhala ndi mphamvu yofanana ndi malamulo ena a dziko, osaposa malamulo aakuluwo. Nkhaniyi ndi yolemera, chifukwa khoti la SADC la ku Windhoek linaimitsidwa mu 2010, litagamula mu 2008 mlandu wa minda ya ku Zimbabwe, ndipo pangano la SADC la 2014 linati khotilo lizimva milandu ya pakati pa maboma yokha. Choncho munthu wamba akadandaula, amene ayenera kumasulira mapanganowa ndi oweruza a m'makhoti athu omwe.

Ine wowerenga wanu,
Ulongué, Angónia