Lipoti la nthumwi: kutseka khomo la seva yathu ndi bearer token

A Wapampando ndi mamembala nonse, munatituma ku msonkhano wa okonza mapulogalamu kuti tikamvetsetse mmene tingatetezere API (khomo lomwe mapulogalamu ena amapemphera deta ku seva yathu) yomwe tikumanga isanayambe kugwiritsidwa ntchito. Tabwera ndi izi.

Bearer token ndi mzere wa zilembo womwe pulogalamu imaonetsa seva ngati kiyi yolowera, ndipo seva siifunsa kuti mwini wake ndani. Yemwe waibweretsa ndiye amatsegulidwira khomo, monga ndalama yapepala imagulira aliyense amene waitola. Malamulo ake ali mu RFC 6750 (chikalata cha miyezo ya pa intaneti) ya mu 2012. Tokeni imayenda mu header (kamutu ka pempho lopita ku seva), motere: Authorization: Bearer, kenako tokeniyo, ndipo nthawi zonse pa HTTPS. Tisaiike mu URL. Nginx, pulogalamu yolandira mapempho pa seva, imalemba URL yonse mu access log, browser nayo imaisunga, ndiye aliyense wowerenga malogi amakhala atatola makiyi a anthu athu popanda kuthyola kalikonse. Pa chifukwa chomwechi, code yathu isamalembe header ya Authorization mu malogi pamene tikufufuza zolakwika.

Nthawi yambiri inathera pa JWT (JSON Web Token), mtundu wa tokeni yosayinidwa yonyamula deta ya mwini wake, ndipo mpake. JWT ili ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi madontho: header, payload (deta yeniyeniyo) ndi siginecha. Ziwiri zoyambazo zangolembedwa mu base64url, sizinabisidwe, moti aliyense angaziwerenge. Nambala ya foni kapena ya chiphaso cha unzika isalowemo. Siginecha imangoletsa munthu kusintha zomwe zalembedwa.

Vuto lalikulu lili pa kutsimikiza siginechayo. Mu header ya JWT muli alg, yomwe imanena njira yosayinira, koma header imalembedwa ndi amene watumiza tokeni. Seva ikakhulupirira alg imeneyi, wakuba angalembe "none" n'kutumiza tokeni yopanda siginecha. Palinso chinyengo china chomwe chinaululidwa mu 2015. Seva yoyembekezera RS256 (njira yosayina ndi kiyi yachinsinsi n'kutsimikiza ndi public key) imasunga public key, yomwe si yachinsinsi. Wakuba amasintha alg kukhala HS256 (njira ya HMAC, momwe kiyi imodzi ndiyo imasayina ndi kutsimikiza), n'kusayina tokeni yake ndi public key yomweyo ngati kiyi ya HMAC. Library yosasamala imatenga kiyi imene ili nayo, kuwerengera HMAC, zonse n'kugwirizana, wakuba n'kulowa ngati admin. Mankhwala ake, malinga ndi RFC 8725 ya mu 2020, ndi kulemba mu code yathu alg imodzi yomwe timalola ndi kukana zina zonse. Amene mukugwiritsa ntchito library ya jsonwebtoken pa Node.js, dziwaninso kuti jwt.decode() imangowerenga tokeni osaona siginecha. Yoyenera pa khomo ndi jwt.verify().

Siginecha ikadutsa, ntchito sinathe. Mu payload tiyang'ane iss kuti tidziwe ngati tokeni inachokera kwa wopereka amene timamudziwa, aud ngati inalembedwera seva yathu osati ina, ndi exp ngati nthawi yake sinathe. Ambiri amaiwala aud, zotsatira zake tokeni ya pulogalamu ina ya wopereka yemweyo imatsegula kwathu. Pa exp pali misampha iwiri. Nthawiyi imawerengedwa m'masekondi kuchokera pa 1 January 1970, koma Date.now() ya JavaScript imapereka mamilisekondi. Ukailemba mu exp osagawa ndi 1000, tokeni idzatha patapita zaka zoposa 50,000. Msampha wachiwiri ukutikhudza ife a kuno: nthawi yathu ili patsogolo pa UTC (nthawi yomwe dziko lonse limayendera) ndi maola awiri, ndiye seva ikatenga nthawi ya pa wotchi yakuno ngati UTC, tokeni ya mphindi 15 imakhala ndi moyo maola awiri ndi mphindi 15. Mu Python tigwiritse ntchito datetime.now(timezone.utc).

Kiyi ya HS256 isachepere mabiti 256, kutanthauza mabayiti 32 osankhidwa mwachisawawa, monga omwe openssl rand -base64 32 imatulutsa. Mawu oganiza m'mutu sayenera, chifukwa wakuba yemwe ali ndi tokeni imodzi angayese mawu mamiliyoni pa kompyuta yake seva yathu osadziwa. Kiyi isalowe mu Git. Ikalowamo ngakhale kamodzi, kuifufuta sikukwanira: imatsala mu mbiri ya repository, tiyenera kupanga ina.

JWT ikatuluka sibwezeka mpaka exp itakwana, pokhapokha titasunga mndandanda wa ma jti (nambala zodziwira tokeni iliyonse) oletsedwa. N'chifukwa chake RFC 6750 imalangiza tokeni ya ola limodzi kapena kucheperapo. Ife tikuti mphindi 15, pamodzi ndi refresh token (tokeni yopemphera ina yatsopano) yosinthidwa nthawi iliyonse yagwiritsidwa ntchito. Yakale ikabweranso kachiwiri, ndi chizindikiro chakuti yabedwa, ndipo tithetse zonse za session imeneyo. Mu browser, localStorage imawerengedwa ndi script iliyonse ya pa tsamba, choncho refresh token ikhale mu cookie ya HttpOnly (yomwe script singaiwerenge), Secure ndi SameSite.

Maganizo athu ndi akuti mwina JWT sitikuifuna n'komwe. Tili ndi seva imodzi ndi database imodzi. Tokeni wamba ya mabayiti 32, yomwe timasunga SHA-256 yake (chidindo chake chomwe sungapezerenso tokeniyo) mu database, ilibe nkhani ya alg, ndipo munthu akataya foni timangofufuta mzere umodzi, tokeni yafa pomwepo. JWT imathandiza maseva akakhala ambiri ndipo iliyonse ikufuna kutsimikiza payokha. Zikatero tidzafuna RS256 kapena ES256, ma public key akufalitsidwa pa JWKS (mndandanda wa makiyi womwe maseva amawerenga). DPoP ya mu RFC 9449, yomangirira tokeni ku kiyi ya mwini wake, inakambidwanso, koma ingadikire.

Mayankho a seva asiyanitsidwe. Tokeni ikasowa, ikatha nthawi kapena ikakhala yabodza, yankho ndi 401 limodzi ndi header ya WWW-Authenticate. Tokeni ikakhala yabwino koma mwini wake alibe chilolezo, yankho ndi 403. Tikasakaniza, pulogalamu ya pa foni imangopempha tokeni yatsopano mobwerezabwereza pa chinthu chomwe siidzaloledwa.

Chomwe chatidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Tokeni yolondola imangonena kuti munthuyu ndi ndani, sinena kuti deta yomwe akupempha ndi yake. Mwini akaunti 1043 akasintha nambala mu URL kukhala 1044, tokeni yake idutsa bwinobwino, ndipo seva imupatsa za mnzake ngati query siyerekeza mwini wa akauntiyo ndi sub (gawo lonena mwini tokeni) ya mu tokeni. Pa mndandanda wa OWASP (bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu) wa zoopsa za ma API wa mu 2023, vutoli ndilo loyamba. Middleware (code yoona tokeni pa khomo) silithetsa, endpoint iliyonse (adiresi iliyonse ya API) iyenera kuonedwa payokha.

Tikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu gulu lisankhe pakati pa JWT ndi tokeni ya mu database, ndipo lisankhe anthu awiri olemba ma test otumiza tokeni yotha nthawi, ya alg "none", ya aud yolakwika, ndi ya munthu wina pa endpoint iliyonse yobweza deta ya membala.