Kodi Malawi ndi nyanja yokha?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za zikuto za mabuku athu. Ndimagulitsa mabuku pano pa Dedza boma, ndiye zikuto ndimaziona tsiku lililonse. Zambiri n'zofanana: msodzi m'bwato pa nyanja, kapena phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi. N'zokongola, sindikana, koma nkhani ya m'katimo nthawi zambiri sifika n'komwe kunyanjako.

Pashelefu panga pali mabuku awiri oyandikana. Lina lili ndi chithunzi cha nyanja, dzina la buku analilemba ndi zilembo zachikasu pamtambo wofiira, moti munthu amachita kutsinzina kuti aliwerenge. Linalo ndi lojambula pamanja: msewu wa Khwekhwelere ukukhotakhota kutsikira ku Golomoti, dzina lili poyera m'mwamba. Makasitomala amayamba kugwira limeneli. Ena amaloza n'kumati, "Apa ndinadutsapo!"

Inu osindikiza, bwerani kuno. Tili ndi phiri la Dedza, nkhungu ya m'mwezi wa June, minda ya mbatatesi ku Bembeke, ndi zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inazivomereza mu 2006 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Ojambula aluso aliponso ku Mua, bola muziwalipira.

Wogulitsa mabuku,
Dedza