Aphunzitsi a Chisipanishi ayambire pa Chinyanja

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi a Chisipanishi kuno ku Lusaka kudzera m'nyuzipepala yanu. Mwana wa mlongo wanga, amene akukonzekera kukaphunzira udokotala ku Cuba, wakhala akuvutika ndi aneni awiri a Chisipanishi, ser ndi estar, omwe m'Chingerezi amaimiridwa ndi mneni mmodzi yekha. Kumene amaphunzirako anamuuza kuti ser ndi wa zinthu zokhalitsa pamene estar ndi wa zinthu zakanthawi. Lamuloli linamusokoneza atangowerenga chiganizo chakuti "Lusaka está en Zambia," popeza "está" amachokera ku estar koma mzinda wathu sudzasamuka mawa, ndiponso atamva kuti munthu womwalira amamunena kuti "está muerto."

Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti mnyamatayu wakhala akusiyanitsa zinthu ziwirizi kuyambira ali wakhanda. M'Chinyanja timati "ndine mphunzitsi" koma "ndili ku Chilenje," ndipo palibe mwana amene angasokoneze ziwirizi. Pokana timatinso "sindine" ndi "sindili." Wolankhula Chisipanishi amati "soy profesor" ("soy" ndi "es" amachokera ku ser) potchula chimene iye ali, ndipo amati "estoy en Chilenje" potchula kumene ali. Moni wathu wa "muli bwanji?" ndi womwewo ndi "¿cómo está usted?", pamene "ndinu yani?" ndi "¿quién es usted?" Mneni estar anachokera ku mawu a Chilatini akuti stare, kutanthauza kuimirira, n'chifukwa chake amakhudza malo ndi mkhalidwe umene chinthu chapezekamo, kaya mkhalidwewo utha msanga kapena ayi. Nditamuuza kuti aganize za "ndi" ndi "-li," anamasulira yekha kuti "es listo" ndiye kuti munthuyo ndi wochenjera, pamene "está listo" ndiye kuti ali wokonzeka.

Sindikunena kuti zinenero ziwirizi zimafanana paliponse. Ife timati "ukwati uli ku Matero," koma Chisipanishi chimafuna ser ponena za malo ochitikira mwambo: "la boda es en Matero." Komanso tikamakamba zakale, Chinyanja chimaphatikiza zonse, monga "anali mphunzitsi" ndi "anali ku Chipata," pamene Chisipanishi chimasiyanitsabe "era" ndi "estaba." Malo otere mphunzitsi ayenera kuwaonetsa poyera, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi chisokonezo chimene chimabwera podutsira m'Chingerezi.

Choncho ndikupempha aphunzitsi kuti asachite manyazi kulemba "ndine" ndi "ndili" pa bolodi tsiku loyamba la phunziroli. Njira yomweyi ingathandizenso anzathu a ku Katete ndi Chadiza amene amachita malonda ku Tete m'dziko la Mozambique, chifukwa Chipwitikizi nachonso chili ndi ser ndi estar.

Wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka