Kalata ya Tadala yochokera ku Antarctica

Wokondedwa Tadala,

Ndiye wakwanitsadi zaka 7! Nanga dzino lomwe linkagwedezeka lija linagwa? Ukutha kuwerenga wekha kapena mayi ako ndi amene akukuwerengera? Ndakusowa kwambiri.

Sitima yathu yaima pa Port Lockroy, pakachilumba kotchedwa Goudier. Kuli chipale chofewa ndi miyala basi, mtengo ngakhale umodzi kulibe. Koma positi ofesi ilipo! Nyumba yake inamangidwa ndi anthu a ku Britain mu 1944. Mumakhala anthu ochepa chabe kuyambira Novembala mpaka Malichi, ntchito yawo kudinda makalata ndi kuwerenga apengwini. Madzi a pampopi alibe.

Tamvera za pengwini wina wakuba. Mbalamezi siziuluka, zimayenda chodzandira ngati iwe uli wakhanda, koma zikalowa m'madzi palibe angazipeze. Zakunozi ndi zamtundu wa gentoo, zamlomo wofiira ndi kachigamba koyera pamwamba pa maso. Popeza kulibe timitengo, zisa zawo amamanga ndi timiyala. Ndiye wina anali kutsikira kunyanja, kutola kamwala kamodzi pakamwa, kukwera nako pang'onopang'ono, kukaika pachisa, kenako kubwereranso. Akangotembenuka, mnzake wapafupi amasolola khosi mwakachetechete, n'kutenga kamwala kaja, n'kukaika pachisa chake, kenako n'kuyang'ana kumwamba osaphethira. Mwiniwake pobwera anaima, n'kuyang'ana chisa, n'kuyang'ana mnzakeyo. Phokoso lake! Kukuwa, kutsegulirana milomo, kukupiza timapiko. Koma wakubayo sanabweze ngakhale kamodzi. Iwe ukanamuweruza bwanji?

Usaseke kwambiri, timiyalato n'tofunika. Chipale chikasungunuka, madzi amadutsa pansi, mazira awo awiri amakhala pouma. Ndipo bambo ndi mayi amasinthana kufungatira, chifukwa mbalame ina yotchedwa skua imangozungulira kudikira dzira losiyidwa.

Ndinafuna kumuthandiza wosaukayo, koma lamulo limati tiziima mamita 5 kutali, osawagwira, osawadyetsa. Kuno alendo ndi ife. Mu 1959 mayiko 12 anasainirana pangano loti dera lino la Antarctica likhale lamtendere ndi kafukufuku, ndipo palibe mtundu wa anthu umene kwawo ndi kuno. Nyengo yozizira ikafika kumatsala anthu pafupifupi 1,000 okha m'dera lonse lalikululi. Ngakhale agalu anawachotsa mu 1994 poopa kuti angapatsire nyama matenda, choncho Bobo wako sangabwere. Kodi ukumupatsa madzi?

Usiku kuno sikukuda kwenikweni miyezi ino, moti timatseka makatani kuti tigone. Iwe usatengerepo mwayi, uzigona nthawi yake. Chifuwa chija chinatha? Uwauze agogo asadere nkhawa, ndikuvala majekete awiri.

Kalatayi ichedwa ndithu, imayenda pasitima kenako pandege kudzera ku Britain. Undijambulire pengwini wakubayo, ndidzamuone ndikabwera.

Ndine malume ako