Kalata kwa makolo potseka temu yachiwiri

Makolo ndi onse olera ana, moni nonse. Tithokoze Mulungu potifikitsa kumapeto a temu ino.

Ndiyambe ndi nkhani yomwe yandiwawa kwambiri. Ku Fomu 4 aphunzitsi a History akhala akuphunzitsa za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso zomwe boma la Hitler ku Germany linachitira Ayuda. Sipanapite nthawi tinapeza chizindikiro cha chipani cha Hitler cha Nazi chija, swastika, chitajambulidwa ndi makala pakhoma la kalasi ndi kuchimbudzi cha anyamata, madesiki ena akandidwa ndi kampasi, ndiye anyamata ena ayamba kumakwezerana dzanja ngati sawatcha ya a Nazi pa asembule uku akuseka. Nditamuitana mmodzi ku ofesi anandiuza osachita nazo manyazi kuti anaona kavidiyo pa foni ya achimwene ake konena kuti Hitler anali munthu wolimba mtima wokonda dziko lake.

Makolo anzanga, izi si zoseweretsa ayi. Hitler analowa m'boma mu 1933, mu 1935 malamulo a Nuremberg analanda Ayuda unzika ndi kuwaletsa kukwatirana ndi Ajeremani, mu November 1938 masunagoge awo anatenthedwa, mashopu kuswedwa, ndipo mwezi womwewo ana achiyuda anathamangitsidwa m'sukulu za boma, ana ngati athuwa. Kenaka mabanja athunthu ankapanikizidwa m'mabogi a sitima kupita ku misasa yopherako anthu ya Auschwitz ndi Treblinka ku Poland komwe ambiri anaphedwa ndi mpweya wapoizoni atangotsika. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, mwa iwo ana pafupifupi 1.5 miliyoni, osawerengera anthu a mtundu wa Roma (omwe ena amawatchula kuti ma Gypsy) ndi anthu aulumali. Chizindikiro chimenecho ndicho mwana wanu akujambula pa desiki.

Makolo ena munabwera kudzati tisiye phunziroli poti likuwononga ana, bola tiziphunzitsa zakwathu. Pepani, sitisiya. Lili mu silabasi ndipo pa MSCE limabwera, zakwathu za a Chilembwe timaphunzitsanso, komanso musaiwale kuti agogo athu omwe anali asilikali a KAR (King's African Rifles) anamenya nawo nkhondo imeneyi mpaka ku Burma. Chawononga ana si phunziro koma tizivideo tomwe akuonera usiku popanda wowafunsa. Anyamata onse okhudzidwa apenta okha khomalo tikatsegulira ndipo penti ndi madesiki alipira makolo awo, makalata talemba kale. Koma chilango chokha sichikwanira, chonde tithandizane, pa holide pano khalani nawo pansi, afunseni zomwe aphunzira, muoneko zomwe zili m'mafoni mwawo. Ife timakhala nawo masana okha.

Za fizi, alipo ambiri omwe sanamalizebe ya temu ino, mudzaonane ndi abasa tisanatsegulire kuti mwana asadzabwezedwe pageti.

Zabwino ziliponso. Timu ya atsikana ya netibolo yasewera bwino, kalabu ya zachilengedwe yabzala mitengo kuseri kwa laibulale, ndipo a Fomu 2 ndi Fomu 4 alemba moko mwabata. Tikuthokoza aphunzitsi ndi komiti ya PTA.

Tsiku lotsegulira lili pa lipoti la mwana, msonkhano wa PTA ndi Loweruka loyamba tikatsegulira ndipo aphunzitsi a History adzakhalapo kuyankha mafunso anu. Chonde mudzabwere nokha, osatuma mwana.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu